Mapiritsi Awiri a Anasimbi

Dzina lawo lenileni linali pa khadi la kuchipatala ndi m'kaundula wa kutchalitchi basi. Kwina konse ankadziwika kuti Anasimbi, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anaima pa tebulo limodzi lomwelo, m'chipinda chakumbuyo cha nyumba yochapira zovala, akusita malaya a anthu amene sanawaonepo nkhope. Chipindacho chinali ndi matebulo atatu, waya wokolekapo zosita, ndi zenera limodzi lomwe silinkatseguka. Kuseri kwa khoma makina ochapira ankalira tsiku lonse. Mkono wawo wamanja unali ndi tizipsera kuyambira pa chala chachikulu mpaka pa chigongono, ndipo ankatha kukuuzani kuti aka n'ka diresi laukwati, aka n'ka makatani a kuhotela.

Anali mayi wofatsa, wathupi, woyenda mosafulumira. Anakulira m'nyumba ya ana asanu ndi anayi momwe chakudya sichinkakwana, ndipo njala ya paubwana ija sinawachoke m'mutu. Atakwatiwa ndi dalaivala wa lole, analumbira chamumtima kuti mwana wawo sadzagona ndi njala. Ana anabadwa atatu. Woyamba anamwalira ali wakhanda, wachiwiri, mnyamata, anakula n'kupita kukagwira ntchito kutali, ndipo wachitatu, mtsikana, anabwera anthu atasiya kale kuyembekezera. Ameneyu aliyense ankangomuti Mzime.

Bambo ake a Mzime anamwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anayamba ndi kutopa, kenako maso anachita chikasu, mimba inatupa mpaka malaya anasiya kumangika. Dokotala anati chiwindi chauma. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti mkuluyo ankamwera m'njira, madalaivala timawadziwa. Anasimbi anamva zonsezo. Mwamuna wawo sanalawepo mowa chibadwire, ndipo m'lole ankayenda ndi buku la nyimbo. Koma mimba ija, yolimba ndi yonyezimira, ndi kupuma kwa befu kwa masabata omaliza, anazisunga mumtima.

Kuyambira pamenepo anatsala awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa msewu wafumbi. Chilichonse cholowa m'nyumbamo chinkagawidwa pakati: buledi, dzira, sopo, ngakhale bulangeti. Kungoti mpeni wa Anasimbi unkakhotera kwa mwana. Tiyi wa Mzime ankalowa masupuni anayi a shuga. Pochokera kuntchito amayi ake sankalowa m'nyumba chimanjamanja. Mwina mabisiketi, mwina chakumwa chotsekemera cha m'botolo. Anthu akamuona mwanayo ankati, "Koma ndiye mukulera, mayi! Masaya ali phwii." Anasimbi ankamwetulira. Pa dziko lonse, chimenechi chokha ndicho ankanyadira.

Chaka chomwe Mzime anakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, Anasimbi anayamba kumva kulemera kumanja, kunsi kwa nthiti, ngati wina waikapo mwala. Ankatopa isanakwane ndi khumi koloko yomwe. Kuchipatala anawatenga magazi, anawapaka mafuta ozizira pamimba n'kuwaunika ndi makina. Dokotala, mwamuna waimvi wolankhula motsitsa, anati chiwindi chawo chadzaza mafuta ndipo chayamba kuchita zipsera.

"Adokotala, ine sindimwa mowa," iwo anatero msanga.

"Ndakukhulupirirani, mayi. Nthendayi imabwera ngakhale popanda mowa. Muli ndi ana kunyumba? Ngati alipo wathupi, mubwere naye."

Anabwera naye. Dokotala anayang'ana kumbuyo kwa khosi la Mzime, pomwe khungu linada n'kukhakhala. Anasimbi anali akhala akupakhula ndi mwala kwa chaka chathunthu poyesa litsiro. Sanali litsiro. Makina aja anaonetsa kuti nayenso mwanayo chiwindi chake chili ndi mafuta. Dokotala anati achepetse shuga, aziyenda, atsike thupi. Za mankhwala a ana anapukusa mutu.

Anayesa. Shuga anatsika kufika pa supuni imodzi, ndipo Mzime ankamwa tiyiyo nkhope ili ndwii ngati akumwa mankhwala a malungo. Loweruka ankayenda kuzungulira bwalo la mpira. Patatha miyezi itatu sikelo inangosuntha pang'ono, magazi osasintha.

Ndi nthawi imeneyo pomwe anawatumiza ku chipinda cha kumapeto kwa khonde, chomwe pachitseko panalembedwa kuti Kafukufuku. Munali mipando yabwino, firiji yosungiramo magazi, ndi anesi aatali ovala magalasi omangirira ku kachingwe. Anesiwo anafotokoza mosabisa. Anati pali mankhwala atsopano omwe akuyesedwa kwa akuluakulu odwala nthendayi, ndipo palibe amene akudziwa ngati amathandizadi. N'chifukwa chake akuyesedwa.

"Ena mwa inu alandira mankhwala enieni, ena alandira mapiritsi opanda kanthu, a ufa chabe. Amafanana ngati mapasa. Inu simudziwa, ine sindidziwa, ngakhale adokotala sadziwa mpaka kafukufuku atatha."

"Nanga wodziwa ndani?"

"Zili mu envelopu yomata. Imatsegulidwa pokhapokha pagwa vuto."

"Nanga mwana wanga?"

"Uyu ndi wa akuluakulu, mayi. Thupi la mwana si la munthu wamkulu. Wa ana mwina udzabwera, koma sindingakulonjezeni tsiku."

Anawawerengera pepala la masamba khumi ndi awiri. Pena panati akhoza kusiya nthawi iliyonse. Pena panati mapiritsiwo asapatse munthu wina aliyense. Anasimbi anasaina, n'kutuluka ndi botolo loyera lokhala ndi nambala m'malo mwa dzina. Mapiritsi awiri m'mawa uliwonse, ndipo pakutha pa mwezi botolo libwerere kuti otsala awerengedwe.

Kuntchito kunali mnzawo wopinda nsalu za pabedi, mayi wapakamwa yemwe ankamutcha Adona chifukwa chopaka milomo ngakhale tsiku lochapa makatani.

"Ndiye akusandutsani khoswe woyeserapo mankhwala, asisi?" Adona anatero akuyang'anitsitsa botololo. "Mukamera mchira mutiuze, tikusokereni kabowo pa siketi."

"Musatero, Adona. Anthu ake ndi aulemu."

"Aulemu akupatsani ufa! Ufa tili nawo kunyumba. Bwerani ndikuumbireni mapiritsi, ine ndiye ndikuuzaninso zoona."

Anaseka onse, koma Adona atabwerera ku nsalu zawo anati motsitsa, "Imwani, asisi. Mwanayo alibe wina."

Anamwa mokhulupirika masabata awiri. Kenako tsiku lina m'mawa, Mzime akumanga nsapato za kusukulu, anawerama n'kugwira kumanja kunsi kwa nthiti. Sanadandaule. Anangopuma kawiri n'kupitiriza kumanga. Anasimbi anali ataima pakhomo, kapu ya madzi m'dzanja lina, mapiritsi awiri m'dzanja linalo. Kagwiridwe kaja anakadziwa. Bambo ake a mwanayo ankagwira pomwepo, mwakachetechete momwemo, pokwera lole.

Maganizo awo anayenda chonchi: ngati ndi ufa, ufa sunapheko munthu. Ngati ndi mankhwala, ndiye kuli mayi wanji amene angameze mankhwala yekha mwana akuyang'ana? M'nyumba muno chinalowapo n'chiyani chosagawidwa?

"Mzime, tamwa aka."

"N'chiyani, amayi?"

"Mavitamini. Akuchipatala akuti uzimwa kamodzi m'mawa."

Mwanayo anameza osafunsanso. Linali bodza loyamba lomwe anamuuza chibadwire, ndipo linatuluka mosavuta kotero kuti iwo eni anachita mantha. Lamulungu la mgonero anakhala pa benchi anzawo akupita kutsogolo. Mlungu wotsatira Mzime anatsegula m'mimba masiku atatu. Anasimbi anamuphikira madzi, mtima uli pawiri: kwina mantha, kwina chimwemwe choti kapena si ufa. M'mimba mutaleka, anapitiriza.

Pakutha pa mwezi anesi aja anakhuthulira botolo pa kambale kachitsulo n'kuwerenga otsala ndi kampeni ka pulasitiki. Anakwana ndendende. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu chimodzimodzi. Ena ankaiwala, ena ankataya botolo m'basi, koma la Anasimbi silinaphonyepo.

"Onse akanakhala ngati inu, ine bwenzi ndilibe imvi," anesiwo ankatero. Tsiku lina anawatchula pamaso pa odwala atsopano kuti, "Funsani mayi awa mmene amachitira." Anasimbi anayang'ana pansi, ndipo onse anayesa ndi manyazi a munthu wofatsa.

Mwezi wachisanu, tsiku Lolemba, anesi anawalandira akumwetulira asanakhale ndi pansi pomwe.

"Mayi, pemphero lanu lija lamveka. Kafukufuku wa ana wavomerezedwa. Mankhwala ena, muyezo wa ana, kuwayang'anira mwezi ndi mwezi. Malo ndi ochepa ndipo kulemba kutsekedwa pakatha masabata asanu ndi atatu. Mzime ndamuika poyamba. Mubwere naye Lachinayi."

Panjira yobwerera anathokoza Mulungu mokweza mpaka mayi wina anatembenuka. Anaganiza kuti nkhani yatha bwino. Asiya kumugawira lero lomwe, mwana alowa pakhomo loyenera, ndipo zimene zinachitika zikhala pakati pa iwo ndi Mlengi. Usiku wa Lachitatu usanafike anali atasita kale yunifolomu ya Mzime kawiri.

Lachinayi anamuyeza mwanayo msinkhu, thupi, ndi kuzungulira kwa mimba. Kenako anakhala atatu pa tebulo, anesi ali ndi pepala la mafunso. Popeza Mzime anali wamkulu ndithu, ankamufunsa iye mwini.

"Unagonekedwapo m'chipatala?"

"Ayi."

"Pali chakudya chimene chimakutulutsa ziwengo?"

"Tiyi wopanda shuga," Mzime anatero, ndipo anesi anaseka mpaka magalasi anagwera pachifuwa, iwo n'kuwavalanso.

"Ameneyo ndiye uzimwabe. Nanga m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, pali mankhwala alionse amene wamwa? Ngakhale a zitsamba."

"Ayi. Mavitamini aja okha."

"Mavitamini ati?"

"Aja munapatsa amayi."

Anesi anatembenukira kwa Anasimbi, cholembera chili m'mwamba. Nkhope yawo inalibe chikayiko chilichonse. "Ogula ku sitolo ya mankhwala, eti mayi? Mungondiuza dzina lake, amenewo savuta."

Kunangofunika kugwedeza mutu. Kamodzi kokha, ndipo cholembera chikanatsika, mwana akanalowa. Anasimbi anamva firiji ikulira pakona. Anayang'ana mkono wa Mzime, pomwe panali kathonje komata pamalo potengera magazi. Anthu awa akufuna kuthira mankhwala ena m'thupi limeneli poyesa kuti mulibe kanthu. Nanga awiriwo akakumana m'chiwindi chodwala kale? Iwo sankadziwa. Miyezi isanu yonseyi anali asakudziwa, ndipo tsopano ndi pomwe anazindikira kukula kwa kusadziwako.

"Si a kusitolo," anatero. "Ndi a m'botolo langa lija. Limodzi ine, limodzi iye."

Cholembera chinatsika pa tebulo pang'onopang'ono.

"Kuyambira liti?"

"Sabata yachitatu."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula kuyambira Lolemba lapitali."

Anesi anavula magalasi n'kutseka maso ndi zala. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Mayi, mayi, mayi. Ine ndinkawerenga mapiritsi. Sindinkawerenga pakamwa." Kenako anaimirira kukaitana dokotala.

Atatsala awiri, Mzime anafunsa osawayang'ana, "Ndiye sanali anga?"

"Mwanangu, ndimafuna..."

"Ndiye inu mumamwa theka?"

Chitseko chinatseguka, anesi n'kulowa ndi dokotala.

Tsiku lomwelo anamutenganso Mzime magazi ambiri, anamuunika mtima, anamufunsa za kutsegula m'mimba kuja. Dokotala anati chifukwa mwana walowamo, envelopu iyenera kutsegulidwa, ndipo nkhaniyo iyenera kupita kwa akuluakulu oyang'anira kafukufuku. Anawauza kuti abwere Lolemba.

Masiku anayi amenewo Anasimbi anapemphera pemphero lomwe sanaganizepo kuti angalipemphere: kuti akhale ufa. Kuntchito anapsereza kolala ya malaya oyera, koyamba m'zaka zambiri. Adona anawalanda simbi m'manja.

"Khalani pansi, asisi, musanatiotchere nyumba. Chachitika n'chiyani?"

Atamva, Adona anaika simbi ija pa tebulo.

"Inu mukanangogwedeza mutu," anatero. "Ine ndikanagwedeza mpaka duku kugwa."

"Ndikanamupha mwina."

"Mwina. Kapena ayi." Adona anapinda nsalu imodzi, n'kuifunyululanso. "Kugawako ndiye nanenso ndikanagawa. Amene analemba pepala lija sanaberekepo."

"Anabereka, Adona. Anesi aja ali ndi ana atatu. Ndine ndinalakwa."

Lolemba dokotala anawakhazika pansi onse awiri. Sanali ufa. Anali mankhwala enieni, ndipo piritsi limodzi la munthu wamkulu linali lochuluka kwa mwana wa msinkhu umenewo. Mwamwayi magazi sanaonetse kuti chawonongeka china, ngakhale anati azimuyezabe kwa chaka. Koma malamulo a kafukufuku wa ana sankalola mwana amene wamwa mankhwala ena oyesedwa mpaka patadutsa miyezi isanu ndi umodzi. Kulemba kunkayenera kutsekedwa pakatha masabata asanu ndi awiri.

"Simungamusungire malo, adokotala? Wolakwa ndine. Mulange ine."

"Palibe akulanga munthu pano, mayi. Tikamulowetsa, sitidzadziwa kuti chimene tikuona m'magazi mwake chachokera ku mankhwala ati. Tikalakwitsa pamenepo, tidzanamiza ana ena onse amene adzamwe pambuyo pake. Ndipo iyeyo tingamuike pangozi."

Za Anasimbi eni, dokotala anati mapiritsi sangapitirize. Anali atamwa theka la muyezo kwa miyezi isanu, ndipo panalibe njira yodziwira ngati mankhwalawo akanawathandiza akanamwa onse. Ananena zimenezi mofatsa, koma Anasimbi anaona kuti waimviyo akuyang'ana chithunzi cha chiwindi chawo nthawi yaitali kuposa cha mwana. Anesi anawaperekeza mpaka pakhomo. Anawagwira paphewa n'kuti, "Munachita bwino kunena." Maso a anesiwo anali ofiira, nawonso anali atayankha mafunso ambiri sabata imeneyo chifukwa cha botolo lomwe ankalitama.

Malo a Mzime anapita kwa mwana wina. Anasimbi anamupempherera mwanayo osamudziwa, ngakhale masiku ena pempherolo linkawawa potuluka.

Kunyumba Mzime sanalire, sanakalipe. Anangosintha. Anayamba kudzithirira yekha tiyi. Shuga anamusiyiratu popanda womuuza, ndipo Loweruka ankapita kubwalo la mpira yekha, amayi ake akubwera m'mbuyo mtunda wa mayadi makumi awiri chifukwa miyendo inali itayamba kutupa. Ankayankha mwaulemu chilichonse. Koma nthabwala zija zinatha, ndipo akamva kupweteka sankagwiranso pamimba amayi ake akuona. Mchimwene wake ataimba foni kufunsa za kuchipatala, Mzime anangoti, "Zili bwino, achimwene," n'kupereka foniyo.

Anasimbi anabwerera ku mgonero, ataulula kwa abusa zonse. Kumwamba anakhulupirira kuti kwakhululuka. Za m'nyumba sanadziwe poyambira. Kangapo anatsegula pakamwa pa nthawi ya chakudya, mwana n'kudzuka kukatsuka mbale.

Patapita miyezi inayi, tsiku lawo linafika ku chipatala cha onse, mbali ya matenda a chiwindi. Kumeneko kunalibe mipando yabwino. Kunali mabenchi a matabwa m'khonde lalitali, anthu ali thithithi, ena maso achikasu, ena mimba zotupa atazigwirira ndi manja awiri. Anafika m'mawa n'kuitanidwa dzuwa litapendeka. Anasimbi analowa poyamba. Dokotala wachinyamata yemwe sankawadziwa anawerenga mapepala, anawadina akakolo ndi chala, dzenje n'kutsala. Anati zipsera zawonjezekera, achepetse mchere, ndipo ngati n'kotheka asamaime tsiku lonse. Iwo anangovomera. Ntchito yosita ilibe mpando.

Atatuluka, kalaliki anaitana nambala ya Mzime. Anasimbi anatola chikwama chawo kuti alowe naye monga mwa masiku onse. Mtsikanayo anali ataima kale, khadi lake lili m'manja. Anali atatalika chaka chimenecho, ndipo yunifolomu inayamba kumukhwepa m'chiuno.

"Amayi, dikirani pompano. Ndilowa ndekha."

"Akufunsa zinthu zoti iwe sungadziwe."

"Ndikudziwa zonse zimene ndamwa."

Sananene mwaukali. Anawasunthira chikwama kuti akhale bwino pa benchi, n'kulowa. Chitseko chinatsekeka.

Mayi wina wokhala pambali pawo, wonyamula mwana wodwala pamiyendo, anawayang'ana n'kuti, "Koma ndiye muli ndi mwana wolimba mtima. Mwalera bwino."

"Zikomo," Anasimbi anatero.

Anaika manja pamaondo n'kuyang'ana chitsekocho. M'katimo munkamveka mawu a dokotala, kenako a Mzime, aafupi ndi omveka bwino, koma sanathe kumva zimene ankanena.